Musanafunse kuti walakwitsa ndani: kalata yotseguka kwa akuluakulu a mayunivesite a boma

Kwa ma Vice Chancellor ndi makhonsolo a mayunivesite a boma m'Malawi,

Olemekezeka akuluakulu,

Ndikulemberani za anthu amene dzina lawo silitchulidwa pa tsiku lopereka madigiri. Pa tsikulo inu mumakhala kutsogolo mutavala mikanjo, ana akujambulitsa ndi makolo awo, koma udzu umene alendo akupondawo alipo anautchetcha, mipando ija alipo anaisenza, ndipo mawaya a zokuzira mawu alipo anawalumikiza ali pamwamba pa makwerero. Ndikunena amayi okolopa, alonda, ophika, akalipentala, amagetsi, madalaivala, osamalira ziweto ku munda wa sukulu, ndi mateknishani a m'malabotale amene amatsala akutsuka mabotolo aphunzitsi ndi ophunzira atapita kale. Mmodzi mwa anthu amenewa akavulala pa ntchito, mlandu umayamba kufunidwa kwa yani?

Tikudziwa mmene zimayendera m'malo ambiri a ntchito kuno kwathu. Munthu akapsa, akagwa, kapena makina akamudula chala, mawu oyamba kumveka ndi akuti anali wosasamala. Otsatira ndi akuti tsoka silinunkha. Oyambawo amasenzetsa mlandu wovulalayo, enawo amautaya kuthengo, ndipo onse amathandiza ofesi kutseka fayilo msanga. Wogwira ntchito ali nawo udindo wodzisamala ndi kusamala anzake, zimenezo sinditsutsa ndipo ndizinena bwino kutsogoloku. Koma udindo wakewo umatsatira pambuyo pa wanu. Simungafunse munthu chifukwa chimene sanavalire magolovesi amene simunamugulire, kapena chifukwa chimene anaswera lamulo limene palibe anamuuzapo.

Ndiyambire kutali, ku America, chifukwa kumeneko nkhani yotereyi inafufuzidwa mpaka pansi, inalembedwa poyera, ndipo inakafika kubwalo la milandu. Pa 29 Disembala 2008, mtsikana wa zaka 23, Sheri Sangji, anali pa ntchito mu labotale ya Pulofesa Patrick Harran pa yunivesite ya California ku Los Angeles, imene ambiri amaidziwa kuti UCLA. Anali atangomaliza digiri yake yoyamba chaka chomwecho, ndipo ntchitoyo anaiyamba mu Okutobala. Tsikulo amakoka mankhwala otchedwa tert-butyllithium ndi sirinji ya pulasitiki ya mamililita 60. Mankhwala amenewa amayaka okha akangokhudzana ndi mpweya, osafuna machesi. Chokokera cha sirinjiyo chinasolokamo, mankhwala anamutayikira, moto unabuka. Sanavale chovala chodzitetezera cha mu labotale, ndipo juzi imene anavala inali ya nsalu yosachedwa kugwira moto. Shawa ya pangozi inali pafupi koma palibe anamuthamangitsira kumeneko. Anapsa gawo loposa 40 peresenti ya thupi lake, ndipo anamwalira pa 16 Januwale 2009.

Mukaimva nkhaniyi mpaka pamenepa, n'zosavuta kugamula. Sanavale chovala, ndiye kuti anadzipha yekha ndi kusasamala. Koma ofufuza a boma la California atalowa anapeza zina. Panalibe umboni wolembedwa woti mtsikanayo anaphunzitsidwa kagwiridwe ka mankhwala oyaka okhawo. Ndiponso miyezi iwiri ngoziyo isanachitike, oyendera za chitetezo a yunivesite yomweyo anali atalowa mu labotaleyo, napeza zolakwika zingapo, kuphatikizapo zakuti anthu amagwira ntchito osavala zodzitetezera. Analemba lipoti, anapereka tsiku lakumayambiriro kwa Disembala loti zonse zikhale zitakonzedwa. Tsikulo linafika n'kudutsa. Lipoti linalipo, oyendera analipo, ndondomeko inalipo. Chimene chinasowa ndi munthu woti abwerere kukaona ngati zolembedwazo zachitika, ndi mphamvu zoti akapeza sizinachitike atseke chitseko.

Yunivesiteyo inalipitsidwa chindapusa cha madola 31,875. Mu Disembala 2011 boma linatsegula mlandu waupandu kwa pulofesayo ndi kwa akuluakulu oyang'anira yunivesite ya California, chinthu chimene chinanjenjemeretsa aphunzitsi a sayansi m'dziko lonselo, popeza ambiri sanaganizepo kuti ngozi ya mu labotale ingaike pulofesa m'kabokosi ka woimbidwa mlandu. Mu 2012 akuluakuluwo anavomera kuti mmene labotaleyo imayendetsedwera unali udindo wawo, ndipo anakhazikitsa thumba la madola 500,000 lolipirira ophunzira m'dzina la malemuyo. Mu 2014 pulofesayo anagwirizana ndi boma kuti agwire ntchito yothandiza anthu kwa maola 800 ndi kupereka madola 10,000 ku chipatala cha anthu opsa ndi moto. Achibale a mtsikanayo ananena poyera kuti chilangocho chinali chochepa, ndipo ine ndikugwirizana nawo.

Ndakhalitsa pa nkhaniyi chifukwa ikuyankhiratu zimene ndikudziwa kuti muyankha, zakuti ndalama zimene boma limakupatsani sizikwana ndi malipiro omwe. N'zoona, ndipo zina mwa zimene ndipemphe zifuna ndalama. Koma UCLA ndi imodzi mwa mayunivesite olemera pa dziko lapansi. Chovala chosagwira moto sichikanaisaukitsa. Kumuimika mtsikanayo pambali pa munthu wodziwa, kuti aone kagwiridwe ka mankhwalawo asanawagwire yekha, sikukanadya tambala. Kumene kuli ndalama anthu amafa chifukwa palibe akulondola, ndiye kumene kulibe ndalama kulondolako n'kumene kuyenera kulimba koposa.

Patangopita chaka chichitikireni ngozi ya ku UCLA ija, pa 7 Januwale 2010, pa yunivesite ya Texas Tech, wophunzira wa digiri yapamwamba anaduka zala zitatu ndi kuvulala diso mankhwala amene amawaphwanya mu kamtondo ka mu labotale ataphulika. Aphunzitsi ake ankati anaika malire oti mankhwala ophulikawo asamapangidwe oposa mamiligalamu 100 nthawi imodzi. Malirewo anali apakamwa chabe, osalembedwa paliponse, ndipo ophunzirawo anapanga pafupifupi magalamu 10. Bungwe la boma la America lofufuza ngozi za makemikolo, la Chemical Safety Board, linatulutsa lipoti lake mu 2011, ndipo mwa zimene linapeza, chimodzi n'chimene ndikufuna mumve. M'magulu ofufuza omwewo munali mutachitika kale tingozi tiwiri zaka zam'mbuyomo, timene sitinavulaze munthu kwambiri. Palibe anatenga phunziro lake n'kulifalitsa kwa ena. Bungwelo linaonanso kuti ofesi yoona za chitetezo inalibe mphamvu zenizeni pa aphunzitsi ochita kafukufuku.

Ngozi yaikulu kawirikawiri imatumiza amithenga. Waya amathetheka kangapo asanayatse denga. Makwerero amagwedezeka miyezi ingapo asanagwetse munthu. Amene amawaona amithengawa ndi anthu aja ndawatchula poyamba, chifukwa ndi amene amafika m'zipinda zimene inu simufikamo. Funso n'lakuti akaona amakauza yani, ndipo akanena chimawachitikira n'chiyani. Mayi wokolopa amene wagwetsa botolo la mankhwala mu labotale amadziwa kuti akanena amudula malipiro kapena amuchotsa ntchito. Ndiye amapukuta msanga ndi chikolopa chomwecho, n'kukachitsukira mu ndowa yomwe akakolopere ku ofesi ya mkulu wa nthambi. Mantha ake ndi omveka. Amene anawapanga manthawo ndi amene ayenera kuwachotsa. Ikani polembedwa, ndi siginecha yanu, kuti munthu amene wanena za ngozi kapena za chinthu chimene chikanavulaza munthu sadzalangidwa chifukwa chonenacho, ndipo woyamba kunena mumuyamikire pagulu kuti ena aone kuti si nkhambakamwa.

Malamulo tili nawo. Gawo 31 la malamulo oyendetsera dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wogwira ntchito mwachilungamo ndi motetezeka. Lamulo la Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997 limaika pa wolemba ntchito udindo woonetsetsa kuti antchito ake ndi otetezeka, kuti makina ndi kagwiridwe ka ntchito n'zosaika moyo pachiswe, kuti mankhwala akusungidwa ndi kunyamulidwa bwino, ndiponso kuti antchito akuuzidwa, kuphunzitsidwa ndi kuyang'aniridwa. Lomwelo limanenanso za udindo wa wantchito ndi za makomiti a chitetezo. Lamulo la Workers' Compensation Act la 2000 limanena za chipukuta misozi cha wovulala pa ntchito. Mu 2019 dziko lino linavomereza pangano nambala 155 la bungwe loona za ntchito pa dziko lonse la ILO, limene mwa zina limati wantchito amene wachoka pa malo poona kuti moyo wake uli pa ngozi yaikulu asalangidwe. Lamulo la 1997 lija linalembedwa maso ali ku mafakitale, ndiye n'kutheka ena amaganiza kuti sukulu ya ukachenjede ndi malo a mabuku okhaokha. Koma lowani mu wekishopu ya zamakina ku MUBAS, m'chipinda chophunzirira thupi la munthu ku KUHeS, ku khola ndi ku munda ku Bunda, kapena m'malabotale a ku MUST, ku Zomba ndi ku Mzuzu. Muli makina odula zitsulo, ma silinda a gasi, formalin, magazi a odwala, mankhwala ophera tizilombo, mathirakitala. Yunivesite imodzi imasunga pa mpanda umodzi zoopsa za fakitale, za chipatala, za esiteti ndi za hotela.

Ndipo ife tili ndi zathu zimene a ku Los Angeles alibe. Kabati yokoka utsi wa mankhwala mu labotale imagwira ntchito ndi magetsi. Magetsi akathima pakati pa ntchito, utsi uja umabwerera kwa munthu amene waima patsogolo pake. Kodi teknishani akudziwa choti achite mphindi imeneyo, ndipo ali ndi chilolezo choimitsa kalasi? Shawa ya pangozi ndi mpopi wotsukira m'maso zimafuna madzi, pomwe munthu amene wathiridwa asidi m'maso amayenera kutsuka kwa mphindi zosachepera 15. Tsiku limene mipopi yauma, labotale imene ilibe madzi osungira siyenera kutsegula botolo la asidi, ngakhale mayeso atayandikira bwanji. Jenereta imene imatipulumutsa magetsi akathima imatulutsa mpweya wa carbon monoxide, umene suoneka ndipo sumveka fungo, ndipo mlonda amene wakhala pafupi nayo m'kachipinda kotseka kuthawa chisanu cha mu Juni akhoza kugona osadzukanso.

Nkhani ya zitseko ndiye yovuta, chifukwa akuba nawo alipo ndipo makompyuta ndi odula. Tinazolowera kuika zitsulo pa mawindo onse ndi loko wamkulu pa chitseko chakumbuyo, kiyi wake n'kukhala m'thumba la munthu amene waweruka. Pa 18 Disembala 2015 moto unapsereza laibulale ya Mzuzu University, mabuku pafupifupi 45,000 n'kusanduka phulusa. Moto umenewo unabuka usiku. Taganizani nyumba ngati imeneyo, pa sukulu iliyonse mwa zanu, itagwira moto masana nthawi ya mayeso, mipando yonse ili ndi anthu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ozimitsa moto athu ali m'makhonsolo a mizinda. Bunda ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kuchoka mu mzinda wa Lilongwe, ndipo MUST ili ku Ndata ku Thyolo. Galimoto yozimitsa moto isanafike, amene adzakhalepo ndi mlonda ndi chozimitsira moto cha pakhoma. Tsono mufunse ngati mlondayo anachigwirapo n'kamodzi komwe, ngati akudziwa kuti moto wa magetsi kapena wa mafuta sathira madzi, ndiponso muwerenge nokha tsiku limene lalembedwa pa chozimitsiracho.

Pali chipinda china chimene ndikupempha kuti mukachione ndi maso anu, osatuma munthu: mosungira mankhwala akale. Mapulojekiti a mabungwe akunja amabwera ndi makatoni a makemikolo, zaka zitatu n'kutha, wofufuza n'kupita kukachita PhD, mabotolo n'kutsala. Zolemba za pa botolo zimafufutika. Mankhwala ena, monga ether, akakhalitsa amapanga tinthu tophulika pa chivindikiro, ndipo picric acid ikauma imaphulika ikangogundidwa. Tsiku lina wina adzafuna chipindacho chikhale ofesi, adzaitana anyamata a ganyu kuti atulutse zinyalala. Pulojekiti iliyonse isamatsekedwe m'mabuku a ndalama mpaka mankhwala ake atawerengedwa ndi kupezeredwa mwini kapena njira yowatayira, ndipo ndalama yotayira izichotsedwa mu bajeti ya pulojekitiyo poyamba pomwe. Opereka thandizo sangakane zimenezi, popeza kwawo amazichita.

Tsopano za anthu a makontirakiti. Ntchito zambiri zokolopa, zaulonda, zophika ndi zotchetcha masiku ano zimaperekedwa ku makampani apadera, ndipo n'zosavuta kunena kuti amenewo si antchito athu. Pa pepala mwina n'zoona. Koma singano imene yabaya mayi wonyamula thumba la zinyalala inatayidwa ndi wophunzira wanu, mu labotale yanu. Munthu wobayidwa ndi singano imene inakhudza magazi amafunika kuyamba mankhwala oteteza ku HIV, aja a PEP, mwamsanga, pasanathe maola 72. Akabayidwa Lachisanu madzulo n'kudikira kuti akauze kapitawo wake Lolemba, nthawi imakhala itatsala pang'ono kutha. Kodi alipo anamuuza zimenezi? Kodi anabayitsa katemera wa hepatitis B asanayambe kunyamula zinyalala za m'chipinda cha magazi? Alipo anamuchenjeza kuti jiki akasakanizidwa ndi mankhwala a asidi otsukira m'chimbudzi amatulutsa mpweya wa chlorine wowononga mapapo? Ndipo anamuuza m'chinenero chanji? Zikwangwani za chenjezo zolembedwa m'Chingerezi chokha zimateteza amene ali otetezeka kale. Muli ndi nthambi za zinenero pa sukulu zanu zomwezo. Kuika malangizo m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chiyao, ndi zithunzi za amene sadziwa kuwerenga, ndi ntchito yoti ophunzira a chaka chachitatu angaigwire mu teremu imodzi. Ndipo kampani imene ikufuna kontirakiti izisonyeza kuti antchito ake anaphunzitsidwa, ali ndi majombo ndi magolovesi, ndiponso kuti akavulala chipukuta misozi chidzachokera kuti. Yotchipa kwambiri pa tenda nthawi zambiri imakhala itatchipira pa majombo omwewo.

Madalaivala ndingowatchula mwachidule. Munthu amene wadzuka mbandakucha, wayendetsa mpaka ku Mangochi, watandala m'galimoto kudikira kuti msonkhano uthe, sayenera kuuzidwa kuti abwerere usiku womwewo chifukwa mabwana akufuna kukagona kwawo. Iye sangakane. Lamulo lokana liyenera kuchokera kwa inu.

Ndinalonjeza kunena za udindo wa wantchito, ndipo anzanga ogwira ntchito mundimve, pakuti kalatayi muiwerenga nanunso. Majombo amene mwapatsidwa ndi a pa ntchito, si osungira kudimba kapena okagulitsa pa msika. Chotchinga cha makina sachotsa ati kuti ntchito ifulumire. Firiji ya mu labotale si yoikamo ndiwo za nkhomaliro. Chigubu chimene munali mankhwala ophera tizilombo sichikhala chotungira madzi kunyumba, ngakhale mutachitsuka kangati, ndipo amene angadwale ndi ana anu. Wopopera mankhwala ku munda asadye kapena kusuta asanasambe m'manja. Woyandikira shafti yozungulira ya kumbuyo kwa thirakitala atavala zolendewera akusewera ndi imfa. Wobwera pa ntchito atalawa, n'kukwera pa denga kapena kugwira chiwongolero, akuika pachiswe anzake amene sanamwe nawo. Ndipo kuona choopsa n'kukhala chete, poti si dipatimenti yanga, n'kulakwira amene adzadutse pamenepo pambuyo panu. Munthu amene anaphunzitsidwa, anapatsidwa zida, anachenjezedwa, n'kumachitabe dala zoika ena pa ngozi, alangidwe, ndipo mabungwe a ogwira ntchito asamuikire kumbuyo.

Komabe mawu amenewa sayenera kupita kwa ovala ovolosi okha. Wosamvera malamulo a chitetezo wovuta kwambiri pa yunivesite si mlonda ayi. Ndi munthu wophunzira kwambiri, amene wagwira mankhwala amenewo zaka makumi awiri osavulala, ndipo akuona kuti magalasi oteteza maso ndi a ana a chaka choyamba. Mwa chikhalidwe chathu, teknishani wa dipuloma sangauze pulofesa kuti bwana, tulukani mukavale kaye. Adzangoyang'ana kumbali, ndipo ophunzira makumi asanu adzaphunzira tsiku lomwelo kuti malamulo ndi a anthu wamba. Mphamvu imeneyo teknishani sangadzipatse yekha. Muyenera kumupatsa ndinu, polembedwa, ndipo tsiku loyamba limene pulofesa adzabwere kudzadandaula kuti wanyozedwa, mudzaime ndi teknishaniyo. Chimodzimodzi mkulu woona za chitetezo. Akakhala pansi pa ofesi yokonza nyumba, wopanda bajeti, wopanda mpando pa misonkhano ya akuluakulu, ntchito yake imathera pa kumata mapepala pakhoma. Malipoti ake azifika pa tebulo lanu mwachindunji, ndipo akhale ndi mphamvu zotseka labotale kapena khitchini mpaka cholakwika chitakonzedwa. Pokweza mphunzitsi pa udindo mumawerenga mapepala a kafukufuku amene wasindikiza. Muziwerenganso mmene amasamalira anthu amene amagwira ntchito pansi pake.

Kutsatira malamulo nakonso sikuteteza ngati malamulowo ali osakwanira. Pulofesa Karen Wetterhahn wa ku Dartmouth College anali katswiri wa poizoni wa zitsulo. Mu Ogasiti 1996 timadontho ta dimethylmercury tinagwera pa golovesi yake ya latex. Anachita zonse zimene zinkadziwika nthawiyo. Patapita miyezi anayamba kudzandira ndi kulephera kulankhula bwino, ndipo anamwalira mu Juni 1997 ali ndi zaka 48. Atayeza pambuyo pake anapeza kuti mankhwalawo amadutsa golovesi yotero m'masekondi ochepa. Phunziro lake kwa a ofesi yogula katundu ndi lakuti magolovesi si amodzi. Amene amagula zodzitetezera azifunsa wogwiritsa ntchitoyo ndi kuwerenga pepala la chenjezo la mankhwalawo, osangoyang'ana mtengo.

Ophunzira nawo ali pampata woopsa. Mu Epulo 2011 pa yunivesite ya Yale, mtsikana amene anatsala milungu yochepa kuti amalize digiri yake anamwalira tsitsi lake litakoledwa ndi makina osemera zitsulo. Anali yekha mu wekishopu usiku. Bungwe la boma loona za chitetezo pa ntchito linaloza zosoweka pa makinawo, koma silinathe kulipitsa yunivesiteyo chifukwa malemuyo anali wophunzira, osati wantchito. Kuno kwathu wophunzira wa masters amene akuthandiza pa pulojekiti, wa intenishipu, ndi wa chaka chomaliza amene akuthamangitsa pulojekiti yake usiku, amagwira ntchito yofanana ndi ya wantchito, ndi zida zomwezo. Akavulala adzalipira chipatala ndani? Yankho lake likhale lolembedwa ngozi isanachitike. Ndipo lamulo lakuti munthu asagwire makina kapena mankhwala oopsa ali yekha silifuna ndalama. Lifuna woyang'anira makiyi amene sachita manyazi kukana.

Ndikudziwa kuti mukawerenga izi ena adzati tipange msonkhano wokonza ndondomeko ya chitetezo, ndipo msonkhanowo udzachitikira kunyanja, ndi maalawansi ake. Ndondomeko ndi yofunika, koma ya ku UCLA inalipo. Ndalama ya msonkhano umodzi woterowo ingadzazitse zozimitsira moto za kampasi yonse. Ngati komiti ya chitetezo ikhazikitsidwe, mukhale mayi wokolopa, mlonda, wophika ndi teknishani, osankhidwa ndi anzawo, ndipo misonkhano yake izichitika ikuyenda m'makonde, kutsegula zitseko ndi kuyesa mipopi. A National Council for Higher Education, amene amayendera mayunivesite asanavomereze maphunziro ake, akabwera asamangowerenga mabuku a mu laibulale ndi madigiri a aphunzitsi. Azipempha buku lolembamo ngozi, azitsegula shawa ya pangozi aone ngati ikutuluka madzi. A ku Unduna wa Zantchito musadikire kuti abwere maliro atachitika. Aitaneni nokha.

Buku lolembamo ngozi limenelo ndi limene ndikulimbikira kwambiri. Ngozi yosalembedwa imamana wovulalayo chipukuta misozi, chifukwa patapita miyezi palibe amakumbukira tsiku, ndipo mboni zimaopa. Imamananso sukulu phunziro. Mulembedwe zonse, zazikulu ndi zazing'ono zomwe, ngakhale zimene sizinavulaze munthu: tsiku, malo, chimene chinachitika, chimene chinayambitsa, amene wapatsidwa ntchito yokonza ndi tsiku loti akhale atakonza. Ndipo pakhale munthu wobwerera tsikulo likafika.

Chaka chilichonse pa 28 Epulo maiko amakumbukira za chitetezo ndi umoyo pa malo a ntchito. Pempho langa n'lakuti pofika tsiku limenelo, yunivesite iliyonse mwa zanu imate pa bolodi la zidziwitso, ndi kuika pa tsamba lake la pa intaneti, chiwerengero cha ngozi zimene zalembedwa m'chakacho, kuphatikizapo za antchito a makontirakiti ndi za ophunzira, zimene zakonzedwa, zimene sizinakonzedwe ndi chifukwa chake, ndiponso udindo wa munthu amene akuyankha pa chilichonse. Makhonsolo aziunika lipotilo monga amaunikira la ndalama. Yunivesite ya anthu zikwi zingapo imene idzalembe kuti chaka chonse sipanachitike ngozi ngakhale imodzi, imeneyo ndiyo oyendera adzayambire.

Ine wanu mwaulemu,

Kholo komanso wokhoma msonkho